Kutsuka mano kofika m'mphepete mwa nkhama ndi pakati pa mano

Mukadzuka m'mawa, musanadye kalikonse, yendetsani lilime kuseri kwa mano a m'munsi. Mumva kuti si osalala ngati mmene analili mutangotsuka. Mukakanda pang'ono ndi chikhadabo pamene dzino limalowera m'nkhama, pachoka tinthu toyererako, tofewa, tonanda. Ambiri amati ndi zotsalira za chakudya cha dzulo, koma chakudya n'chochepa m'menemo. Zambiri ndi mabakiteriya amoyo amene amamatirira pa dzino, kuswana, n'kudzikutira ndi zomata zimene amapanga okha. Madokotala a mano amazitcha plaque. Ntchito yonse yotsuka mano yagona pa zonandazi, ndipo malo amene zimakonda ndi omwewo amene mswachi wa anthu ambiri suwafika: m'mphepete mwa nkhama ndi pakati pa dzino ndi linzake.

Zonandazi zimayamba kubwerera patangopita maola ochepa munthu atatsuka. Madzi sazichotsa. Ngakhale muchukuche ndi mphamvu chotani, zimakhalabe pomwepo ngati ulimbo, mpaka chinthu china chitazikhudza n'kuzipala. Zikasiyidwa masiku angapo, mchere wa m'malovu umalowamo ndipo zimauma gwa, n'kusanduka chinthu chachikasu kapena chakuderako chotchedwa tartar. Chimakonda kumera kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi ndiponso kumbali ya tsaya ya mano otafunira a m'mwamba, chifukwa kumeneko n'kumene timipita ta malovu timatulukira. Zikafika pamenepa mswachi ulibenso mphamvu, amachotsa ndi a zamano okha ndi zida zawo. Ndipo poti tartar ndi wokhakhala, zonanda zatsopano zimagwira pa iye mosavuta kuposa pa dzino losalala.

Zonandazi zimabowola dzino motere. Mabakiteriya ake, monga otchedwa Streptococcus mutans, amadya shuga amene wafika m'kamwa n'kutulutsa asidi. Dzino lili ndi chikuto choyera chotchedwa enamel, ndipo m'thupi lonse la munthu mulibe cholimba kuposa icho, komabe asidi amachisungunula. Pa muyezo wa pH, umene nambala yake imatsika asidi akamachuluka, madzi abwino amakhala pa 7. M'zonanda nambalayo ikatsika kufika cha m'ma 5.5, calcium ndi phosphate, zimene zimalimbitsa dzino, zimayamba kuchoka m'dzino, ndipo zimenezi zimachitika mphindi zochepa chabe munthu akadya chotsekemera. Kenaka malovu amakokolola shuga, amafooketsa asidi, n'kubwezera m'dzino zimene zinachoka. Koma malovu amafuna nthawi, mphindi 30 mwinanso ola lathunthu. N'chifukwa chake munthu womwa chakumwa chotsekemera pang'onopang'ono m'mawa wonse amawononga mano kuposa womwa chomwecho kamodzi pa nthawi ya chakudya. Woyambayo sapatsa malovu mpata. Chizindikiro choyamba cha kuwola ndi kamzere kapena kadontho koyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama. Pamenepo dzino likhoza kulimbanso. Likangobooka, bowolo silitsekeka lokha.

Nkhama nazo zimavutika. Mu 1965 Harald Löe ndi anzake a ku sukulu ya zamano ya ku Aarhus, m'dziko la Denmark, anapempha kagulu ka anthu a nkhama zabwinobwino, ambiri mwa iwo ophunzira, kuti asiyiretu kutsuka mano. Pakati pa masiku 10 ndi 21, onse nkhama zinali zitayamba kufiira ndi kutupa. Atayambiranso kutsuka, nkhamazo zinachira patatha pafupifupi sabata imodzi. Chiseyeye chikamayamba chimatero, chimabwera ndi zonanda ndipo chimachoka nazo. Vuto ndi pamene chakhalitsa. Pakati pa dzino ndi nkhama pali kangalande kozama mamilimita 1 mpaka 3 kwa munthu wa nkhama zabwino. Kutupa kukapitirira, kwa anthu ena nkhama imalekana ndi dzino, kangalande kaja kamasanduka thumba la mamilimita 4, 5, 6, ndipo fupa logwira muzu wa dzino limayamba kudyeka. Fupa limenelo silibwerera lokha. Choopsa n'chakuti zonsezi sizipweteka kawirikawiri, munthu amangozindikira dzino likugwedera. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu oposa 1 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a nkhama ofika poipa chonchi.

Mswachi ndi kagwiridwe kake

Sankhani mswachi wa tiubweya tofewa ndi mutu waung'ono. Wolimba suchotsa zambiri, chifukwa zonanda n'zofewa kale, ndipo tartar sachoka ndi mswachi uliwonse. Chimene wolimba umachita ndi kuperesa nkhama ndi khosi la dzino. Mutu waung'ono umafika kuseri kwa dzino lomaliza, kumene waukulu umakakamira pa tsaya.

Ugwireni ndi nsonga za zala monga mugwirira cholembera, osaufumbata ngati mpini. Dzanja lofumbata limakanikiza kwambiri mwini wake osadziwa. Tsopano chachikulu ndi kapendekedwe kake. Tiubweya tisaloze dzino molunjika, komanso tisagone nalo. Tikhale pakati pake, madigiri 45, tikuloza kunkhama: pa mano a m'mwamba tiloze m'mwamba, pa a m'munsi tiloze pansi. Mukatero nsonga zake zimalowa pang'ono m'kangalande kaja. Kanikizani pang'ono pokha, kungoti mumve tiubweya takhudza nkhama, kenaka gwedezani mswachi timaulendo tating'onoting'ono, ngati ukunjenjemera pamalo amodzi, pa mano awiri kapena atatu. Pakatha masekondi angapo, sesani kuchokera kunkhama kupita kunsonga ya dzino, n'kusunthira pa mano otsatira. Njirayi imadziwika ndi dzina la Charles Bass, dokotala wa ku New Orleans, m'dziko la America, amene anaifotokoza m'zaka za m'ma 1940, ndipo ubwino wake ndi woti imalunjika pamalo enieni pamene matenda amayambira.

Anthu ambiri amayamba ndi mano akutsogolo, amene amaoneka pagalasi, amawakwecha nthawi yaitali, ndipo pofika kuseri amakhala atatopa. Tembenuzani ndondomekoyo. Yambani kumbali ya lilime ya mano otafunira a m'munsi, kumene kuli kovuta kwambiri, muyende dzino ndi dzino mpaka mbali inayo osadumphadumpha. Mukafika kuseri kwa mano akutsogolo, kumene chibwano chimakhota ndipo mswachi sukwana chogona, uimikeni chilili n'kutsuka dzino limodzi limodzi ndi nsonga yake. Kumbali ya tsaya ya mano a m'mwamba a kumbuyo, musayasamule kwambiri. Kuyasamula kumakunga tsaya n'kutseka njira, pamene kutseka kamwa pang'ono kumalimasula ndipo mswachi umadutsa. Pamwamba potafunira pokha m'pamene mungakweche cha uku ndi uku, kuti tiubweya tilowe m'timaenje ta dzino. Samalaninso malo amene dzanja limatembenukira pochoka mbali ina kupita ina, pafupi ndi dzino losongoka la mbali ya dzanja limene mumagwiritsa ntchito. Mano awiri kapena atatu a pamenepo amadumphidwa tsiku ndi tsiku.

Zonsezi zimafuna mphindi ziwiri, kawiri pa tsiku. Gawani kamwa panayi, m'mwamba kumanja ndi kumanzere, m'munsi chimodzimodzi, gawo lililonse masekondi 30. Mphindi ziwiri n'zazitali kuposa mmene munthu amaganizira ali chiimire ndi mswachi m'kamwa, ndipo ambiri akadziyesa ndi wotchi amapeza kuti saifika ngakhale imodzi. Ndi bwino kudziyesa kangapo mpaka thupi litazolowera kutalika kwake.

Kukwecha ndi mphamvu cha uku ndi uku kumabweretsa mavuto ake. Nkhama imabwerera m'mbuyo, muzu umaonekera, ndipo pa khosi la dzino pamakumbika kamphako. Muzu ulibe enamel, choncho madzi ozizira kapena mphepo ikaukhudza mano amayayamira. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri okwecha chonchi amafuna mano oyera, koma enamel ikapyapyala, mnofu wa dzino wa mkati umene uli wachikasu umaonekera kwambiri. Yang'anani mswachi wanu. Ngati tiubweya tatambasukira m'mbali usanathe mwezi, mukukanikiza mopitirira. Wogwiritsidwa bwino umatha miyezi itatu, kenaka usinthidwe. Mukamaliza utsukuluzeni, muuimike mutu m'mwamba pamalo opita mphepo kuti uume, ndipo musabwerekane ndi wina aliyense.

Mswachi wamagetsi ndi wothandiza, makamaka kwa okalamba, odwala nyamakazi ya m'manja ndi amene avala mawaya owongola mano. Akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wambiri mu 2014 anapeza kuti pakatha miyezi itatu umachepetsa zonanda ndi 21 peresenti ndipo kutupa kwa nkhama ndi 11 peresenti poyerekeza ndi wamanja. Suyenera kukwechedwa, mumangouika pa dzino lililonse m'mphepete mwa nkhama masekondi angapo n'kusuntha. Koma wamanja wogwiridwa bwino umaposa wamagetsi wongoyendetsedwa pamwamba.

Lilime lipaleni pang'ono kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Fungo lambiri la m'kamwa limachokera kumeneko.

Lavulani, koma musachukuche

M'mankhwala otsukira mano, chinthu chimene chimateteza dzino kuti lisabooke ndi fluoride. Thovu, kukoma ndi kuzizirira kwa m'kamwa n'zongosangalatsa. Tembenuzani chubu muwerenge kuseri: kwa munthu wamkulu payenera kulembedwa pakati pa 1350 ndi 1500 ppm (muyezo wa kuchuluka kwa fluoride), ndipo ambiri amakhala pa 1450. Fluoride amathandiza calcium ndi phosphate kubwerera m'dzino, ndipo akalowa nawo, malo okonzedwawo amalimbana ndi asidi kuposa kale. Kuti achite zimenezi ayenera kukhala pa mano kwa nthawi.

Apa m'pamene anthu ochuluka kwambiri amataya phindu. Amatsuka bwinobwino, kenaka amatunga madzi, kuchukucha kawiri katatu, n'kutaya fluoride yense. Lavulani thovu basi, musachukuche, ndipo musadye kapena kumwa kwa mphindi pafupifupi 30. Masiku oyamba m'kamwa mumamveka mwachilendo, koma sabata isanathe mumazolowera. Mankhwala amadzi ochukuchira nawonso asabwere mutangotsuka, chifukwa ambiri ali ndi fluoride wochepa, cha m'ma 225 ppm, ndiye amakokolola wamphamvu n'kusiya wofooka. Ngati mumawafuna, agwiritseni ntchito nthawi ina, monga masana mutadya. Amene ali ndi chlorhexidine, mankhwala opha mabakiteriya, ndi a masiku ochepa pamene dokotala wanena, chifukwa akapitirira amadetsa mano ndi lilime.

Pa maulendo awiri otsuka pa tsiku aja, wa usiku ndi wosayenera kuphonya. Munthu akagona malovu amachepa kwambiri, ndiye asidi amagwira ntchito usiku wonse popanda womuletsa. Tsukani pomaliza penipeni, ndipo pambuyo pake pasalowenso kanthu kupatula madzi. Pa chifukwa chomwechi, anthu amene amauma m'kamwa, kaya chifukwa cha mankhwala ena amene akumwa kapena matenda, mano awo amabooka msanga ndipo ayenera kumuuza dokotala.

Mukadya zipatso zowawasa, mukamwa zakumwa za gasi, kapena mukasanza, musathamangire mswachi. Enamel imakhala itafewa pamwamba ndipo mswachi umaipala. Chukuchani ndi madzi, dikirani mphindi zosachepera 30, kenaka tsukani.

Pakati pa mano

Dzino lotafunira lili ndi mbali zisanu. Mswachi umafika zitatu: ya kutsaya, ya kulilime ndi ya pamwamba. Ziwiri zoyang'anana ndi mano oyandikana nalo suzifika, ngakhale wotsukayo akhale waluso chotani. Kumeneko n'kumene mabowo ambiri a anthu akuluakulu amayambira mobisika, ndipo n'kumenenso chiseyeye chimakonda kuyambira. Ulusi wotsukira pakati pa mano, umene m'masitolo umalembedwa kuti floss, unapangidwira malo amenewa. Ntchito yake yaikulu si kuvungula chakudya chotsakamira. Ndi kupala zonanda m'mbali mwa dzino, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumasintha kagwiritsidwe kake konse.

Dulani ulusi wa masentimita pafupifupi 45, kutalika kwake ngati kuchokera kunsonga ya chala kufika pa chigongono. Kulungani mbali yaikulu pa chala chapakati cha dzanja limodzi, yotsalayo pa chala chapakati cha dzanja linalo. Zala zapakatizo n'zosungira chabe. Zoyendetsa ndi zala zazikulu ndi za mkombaphala, ndipo pakati pa izo musiye masentimita 2 kapena 3 okha, ulusi uli wokungika. Mukasiya wautali umalendewera ndipo simungaulamulire. Pa mano a m'mwamba zala zazikulu zimakankha bwino, pa a m'munsi za mkombaphala.

Pamene mano awiri agundana pamakhala pothina. Musakankhe ulusi ndi mphamvu molunjika, chifukwa ukadutsa mwadzidzidzi umakamenya nkhama n'kuicheka. Uyendetseni cha uku ndi uku pang'onopang'ono mpaka utadutsa wokha. Ukadutsa, kuyenda kwa uku ndi uku kwatha. Tsopano ukokereni mbali imodzi kuti ukumbatire dzino ngati chilembo C, muutsitse mofatsa mpaka ulowe pang'ono pansi pa nkhama, pamene mumve kuti wafika. Pamenepo ukwezeni ndi kuutsitsa kangapo uli chigwirire dzino, ngati mukupukuta. Kenaka ukwezeni pang'ono kuti udumphe kansonga ka nkhama kamene kali pakati pa mano awiriwo, muukumbatitse dzino linalo, n'kuchita chimodzimodzi. Mpata uliwonse uli ndi mano awiri, ndipo onse ayenera kupukutidwa. Wongolowetsa ulusi n'kuutulutsa wachotsa nyenyeswa za chakudya, zonanda wazisiya.

Musanapite pa mpata wina, masulani ulusi woyera ku chala chimodzi n'kukulunga wakudawo ku chinacho. Musaiwale kuseri kwa dzino lomaliza, ngakhale kulibe linzake. Kamodzi pa tsiku n'kokwanira, ndipo ndi bwino kuyamba ndi ulusi kenaka mswachi, kuti fluoride apeze mipata yotseguka, komanso chifukwa chosiyidwira kumapeto chimaiwalika. Nthawi zina nunkhizani ulusi mutautulutsa. Mpata umene ukutulutsa fungo ndi umene ukufuna chisamaliro chambiri. Ulusi ukamathetheka kapena kuduka pamalo amodzimodzi masiku onse, kawirikawiri pamakhala bowo, tartar, kapena chomatira dzino chimene chakhakhala m'mphepete, ndipo pafunika kuonedwa.

Tsopano nkhani ya magazi, imene imabweza anthu ambiri. Munthu amayamba kugwiritsa ntchito ulusi, amaona magazi, amachita mantha kuti wadzivulaza, n'kusiya. Nkhama yabwino situluka magazi ikakhudzidwa mofatsa. Imene ikutuluka ndi yotupa kale, ndipo yatupa chifukwa cha zonanda zomwe zili pamenepo. Kuilambalala ndi kuisiyira chimene chikuidwalitsa. Pitirizani mofatsa tsiku lililonse, ndipo m'sabata imodzi kapena ziwiri magazi amachepa mpaka kusiya. Akapitirira masabata awiri mukutsuka bwino, kapena ngati pali mafinya, dzino logwedera, mano amene ayamba kutalikirana, kapena fungo losatha, pitani kwa dokotala wa mano. Chilonda cha m'kamwa chosapola pakatha masabata atatu nachonso chisanyalanyazidwe. Amayi oyembekezera nkhama zimatupa mosavuta chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, ndipo ayenera kupitiriza kutsuka, osasiya. Odwala matenda a shuga chiseyeye chimawagwira kwambiri, ndipo chikakula chimavutitsanso kutsitsa shuga m'magazi. Osuta fodya asanyengedwe ndi nkhama zosatuluka magazi: fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama, ndiye matenda amakula chizindikiro chake chitabisika.

Ulusi si wa mpata uliwonse. Pamene nkhama yabwerera ndipo pakati pa mano pali danga looneka, timiswachi tating'ono topangidwira pakati pa mano timagwira ntchito bwino kuposa ulusi, chifukwa mizu ya mano ena ili ndi timakwawa m'mbali, ndipo ulusi wokungika umangodutsa pamwamba pake. Timabwera m'masaizi osiyanasiyana. Koyenera ndi kamene kamalowa kakukhudza mano onse awiri popanda kukakamiza, ndipo kawaya kake kasakhule dzino. Kalowetseni ndi kukatulutsa kangapo, popanda mankhwala, n'kukatsukuluza. Munthu mmodzi angafunike masaizi awiri kapena atatu, kuphatikizapo ulusi pa mano akutsogolo othina. Amene zala zimawavuta angagwiritse ntchito ulusi womangidwa kale pa kachogwirira ka pulasitiki, ngakhale sukumbatira dzino bwino ngati wa m'manja. Timitengo tovungulira m'mano timachotsa chotsakamira chokha, ndipo tikamakankhidwa ndi mphamvu masiku onse timaphwanya kansonga ka nkhama kaja. Singano, mapini ndi zina zachitsulo zisalowe n'komwe.

Mano a ana

Kutsuka kumayamba dzino loyamba likangotuluka, kawirikawiri mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6. Mano 20 oyambawa adzachoka inde, koma ena amakhala mpaka zaka 11 kapena 12, amasungira malo mano achikhalire, ndipo akawola amapweteka ndi kutupa ngati a wamkulu. Mwana wosakwana zaka 3 apakiridwe mankhwala ochepa ngati kanjere ka mpunga, okhala ndi fluoride wosachepera 1000 ppm. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati kanjere ka nsawawa. Muyezowu ndi wofunika chifukwa ana amameza, ndipo fluoride wochuluka womezedwa mano achikhalire akupangika amasiya timawanga toyera pa manowo. Mwana asagone ndi botolo la chakumwa chotsekemera m'kamwa.

Mwana wosakwana zaka 7 dzanja lake silinakhwime mokwanira kuti atsuke yekha bwino. Musiyeni ayambe, koma wamkulu amalize. Imani kumbuyo kwake, mutu wake utsamire pa inu, ndipo ndi chala cha dzanja linalo kwezani mlomo kuti muone m'mphepete mwa nkhama. Ulusi umayamba pamene mano awiri ayamba kugundana.

Pa zaka pafupifupi 6 pamatuluka mano anayi amene makolo ambiri sawazindikira. Ndi mano otafunira oyamba achikhalire, ndipo amamera kumbuyo kwa mano onse aubwana popanda lina kuguluka, n'chifukwa chake amayesedwa aubwana. Kwa miyezi ingapo dzino lotere limakhala lalifupi kuposa loyandikana nalo, ndiye mswachi woyenda molunjika kuchokera kutsogolo umadutsa pamwamba osalikhudza, pamene timaenje take n'tozama ndipo enamel yake sinakhwime. Kokerani tsaya la mwanayo pambali, mulowetse mswachi chopingasa kuchokera pakona ya kamwa, ndipo mutsuke dzino limenelo palokha, mpaka litakula kufanana ndi anzake.